Eni Ake Ali Kuchigafa

Golosale yanga ndinaitaya ndi pakamwa panga, masanasana, popanda wondiopseza. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa anthu a pamsika pathu kwa Wimbe amakonda kuithira mchere nkhaniyi. Ena amati ndinadyetsedwa mankhwala, ena amati amuna anga anapereka kangachepe kwa anthu a boma. Zonsezo n'zabodza. Ndinafunsidwa funso limodzi, ine n'kuyankha mmene mayi anga anandiphunzitsira kuyankha, basi.

Golosaleyo ndinaiyamba ndekha. Poyamba linali benchi la tomato ndi usipa pansi pa mtengo, kenako kaokala kamatabwa, kenako nyumba yanjerwa zowotcha yofolera ndi malata. Madzi oumbira njerwazo ndinatunga ndine, mpaka khosi linauma. Amuna anga anali mlimi wa fodya, ndipo sindiwanamizira, fodya ankamudziwa. Kuyambira ku nazale mpaka kudinda mabelo, moyo wawo unali kumunda ndi kuchigafa, chisakasa chachitali chija timayanikamo fodya. Koma mukanawafunsa mtengo wa sopo akanakuyang'anani ngati mwawafunsa Chiarabu. M'golosale ankalowamo pofuna machesi.

Chaka china, fodya ali m'zigafa, kunadutsa galimoto ya zimkuzamawu. Inkalengeza kuti boma likubwera kudzathandiza a mabizinesi ang'onoang'ono, onse akapezeke pabwalo la sukulu Lachitatu m'mawa. Kwathu kuno mawu akuti thandizo amatanthauza thumba kapena envelopu. Tsikulo kunabwera ngakhale anthu oti chibadwire sanagulitsepo ndi nthochi yomwe. Wina anabwera ndi wilibala.

Tinapeza tenti yoyera, matebulo atatu ndi mulu wa mafomu. Bambo wina wa taye anaimirira n'kufotokoza kuti thandizo lake silinali la matumba. Anabwera kudzatilembetsa mabizinesi pomwepo kuti tisavutike ndi maulendo akutali, kutipatsa nambala ya msonkho, ndi kutiphunzitsa za layisensi. Atangotchula msonkho, wa wilibala uja anaitembenuza, ndipo theka la anthu linamutsatira. Ine ndinatsala. Bamboyo anati wokhala ndi mapepala akhoza kutsegula akaunti ya bizinesi kubanki, akhozanso kumaperekera katundu kusukulu zogonera konko ndi kumaesiteti. Zimenezo n'zimene ndinkazilota. Anthu aja sanabwere ndi zoipa, ndipo mpaka lero sindiwada.

Pamzere kumbuyo kwanga kunali alamu anga, alongo awo a amuna anga, amene ankagulitsa kaunjika. Kumbuyo kwawo kunali amayi awiri akutchalitchi kwathu. Patebulo panali mtsikana wa magalasi, waulemu wake, woonekeratu kuti anakulira mumzinda.

"Bizinesi yake ndi yanji, mayi?"

"Golosale."

"Ili pati?"

"Pamsika pomwepa, kuyang'anizana ndi chigayo."

Analemba osadzutsa mutu. "Eni ake ndani?"

"Eni ake ali kuchigafa, akusoka fodya."

Sindinaganize n'komwe. Mawuwo anangotuluka okha ngati moni. Kwathu mkazi wolangidwa, munthu akafika pakhomo n'kufunsa za mbuzi, za njinga, ngakhale za nkhuku imene iye mwini anagula ndi ndalama ya mtedza wake, amayankha kuti eni ake achokapo. Si bodza ayi, ndi kayankhulidwe. Wofunsayo amadziwa kuti nkhukuyo ndi ya ndani, woyankhayo amadziwa, mwamuna nayenso amadziwa. Ine ndinkayesa kuti mtsikana uja akudziwanso.

Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ndiye kuti golosaleyi ndi ya abambo?"

Apa ndi pamene pamandiwawa ndikakumbuka, chifukwa mwanayo anandipatsa mpata wachiwiri. Koma ndinamva mpweya wa alamu anga pakhosi panga. Ndinadziwa kuti ndikati ndi yanga, dzuwa lisanalowe mudzi wonse ukhala utamva kuti ndakana mwamuna wanga pamaso pa boma.

"Ee, ndi ya bambo akunyumba," ndinatero.

"Chabwino. Abwere ndi chiphaso chawo adzasayine."

Ndinatuma wakabaza, ndinamulipira ndekha. Amuna anga anafika manja ali bii ndi phula la fodya, anawapukutira pabuluku, n'kusayina akuseka. "Lero ndasanduka bwana wa kampani," anatero, anthu onse pamzere n'kuseka nawo. Inenso ndinaseka. Alamu anga anandigwira paphewa n'kunena kuti achimwene awo anakwatira mkazi wodziwa mwambo, ndipo ine, chitsiru, ndinamva kukoma.

Satifiketi itabwera ndinaigulira fulemu yagalasi n'kuipachika pamwamba pa kauntala. Kwa zaka zinayi ndinkapita ndine ku Kasungu Boma kukakonzetsa layisensi ndi kukapereka msonkho. Ndinkadzuka m'mamawa, kukwera minibasi, kuima pamzere mpaka mawondo kulira. Pafomu iliyonse ndinkasayina pamzere wa munthu wotumidwa. Sizinkandikhudza. Katundu ankayenda, sukulu ina inayamba kutenga shuga ndi sopo kwa ine, ndipo ana anga atatu sanabwezedwepo kusukulu.

Kenako kunabwera chaka chimene fodya anagulidwa bwino. Amene mumakhala m'dera la fodya mukudziwa zimene chaka chotero chimachita ndi mitu ya amuna. Anga anapita kukatenga ndalama kubanki, n'kusowa milungu itatu. Anabwera pa njinga yamoto yatsopano, kumbuyo atakweza mkazi. Anamupezera nyumba kuseri kwa chigayo. Kutchalitchi anawadula, iwo osatekeseka. Ine ndinalira kuchipinda, panja n'kumaseka ndi makasitomala. Ndinadziuza kuti mwamuna atha kupita, bola golosale ndili nayo.

Patapita miyezi iwiri anabwera kugolosale n'kutsamira pakauntala.

"Mayi, mnzanuyu akungokhala. Azibwera kuno muzithandizana."

"Mnzanga wake uti?"

"Musayambe zimenezo."

"Bambo, mkazi mwakwatira ndi wanu. Mumutengere kuchigafa akakuthandizeni kusoka. Muno salowamo."

Anangoyang'ana fulemu ija nthawi yaitali, n'kutuluka.

Mwezi womwewo kunagwa maliro a azakhali anga ku Njombwa. Ndinatseka golosale n'kukakhala kumeneko masiku atatu. Pobwera ndinatsikira pamsika kuti ndione ngati zonse zili bwino. Chitseko chinali chotsegula. Loko wanga anali pansi, wodulidwa ndi sowo. Kuseri kwa kauntala kunali mkazi uja, akuthira mafuta ophikira m'kabotolo, theka likutayikira pansi. Atandiona anaimirira n'kupinda mawondo.

"Takulandirani, mayi. Abambo anati ndizikhala muno."

Zimene ndinanena tsiku limenelo sindingazilembe pano. Anthu anasiya kugayitsa n'kubwera kudzaonerera. Ndinatukwana mpaka mawu anatha, ndipo amene anandikoka n'kundiperekeza kunyumba ndi telala wa khonde loyandikana nalo.

Nkhani inapita kwa ankhoswe. Kumbali yanga kunali amalume, kumbali yawo kunali akulu awo. Tinakhala pakhonde la nyumba yathu, ine pamphasa, iwo pamipando. Ndinafotokoza zonse, kuyambira pa benchi la tomato. Amuna anga anandisiya kuti ndimalize, kenako anatulutsa fulemu ija m'jumbo n'kuipereka kwa amalume.

"Werengani nokha, malume. Ine sindilankhula zambiri."

Amalume anavala magalasi awo othyoka mwendo umodzi. Anawerenga pang'onopang'ono, chala chikuyenda pagalasi, mpaka chinafika pa chidindo cha boma n'kuima pomwepo.

"Mwana wanga, dzinali unalembetsa ndiwe?"

"Ndine."

"Anakukakamiza?"

"Ayi."

Anavula magalasi n'kuyang'ana pansi. Aliyense pakhondepo ankadziwa amene anatunga madzi a njerwa zija. Akulu awo a amuna anga anandithandizapo kusenza malata. Koma panali chidindo, ndipo amuna akwathu chidindo amachiopa kuposa njoka. Anagamula kuti golosale ndi ya banja, mutu wa banja ndiye aziona woikamo, ine ndipirire. Ndinafunsa kuti ndipirire mpaka liti, iwo n'kungonyamuka kumapita.

Ndinati boma ndi limene linalemba, boma lomwelo likafufuta. Apa ndi pamene anayambira maulendo anga a ku Boma, amene ndikawakumbuka msana umayamba kuwawa.

Ulendo woyamba ndinapita kumene ndinkakonzetsa layisensi. Anandilandira bwino, ankandidziwa nkhope. Anati iwo amangotsatira zimene zili pasatifiketi, ndipite kwa a msonkho. A msonkho anati nambala imatsatira dzina la wolembetsa, iwo sangasinthe kanthu, koma pali tebulo lothandiza a mabizinesi ang'onoang'ono, ndikafunse kumeneko. Patebulopo ndinapeza mpando wokha, mwini wake anali kumsonkhano. Ulendo wachiwiri anali kumaliro. Ulendo wachitatu analipo, koma netiweki inali itachoka, ndipo tinakhala pabenchi anthu asanu ndi mmodzi kuyang'ana khoma mpaka nthawi yoweruka. Pobwerera minibasi inafera panjira, tinakankha, ine ndi chitenje changa chabwino.

Ulendo wachinayi ndinakwanitsa kulankhula naye. Anali bambo wachikulire wa imvi m'mbalimu, wolankhula mofatsa. Anandimvetsera mpaka kumapeto osayang'ana foni, chinthu chimene sindinachiyembekezere. Nditafika pa mawu aja ndinayankha patenti, anatseka maso n'kupukusa mutu.

"Mayi, si inu oyamba. Timawauza anzathu kuti akamafunsa amayi akumudzi azifunsa kuti, anayamba bizinesiyi ndani, amagona nayo m'mutu ndani. Koma fomu imangoti mwini."

"Ndiye mundithandiza bwanji?"

Anatsegula kabati n'kutulutsa pepala. "Iyi ndi fomu yosinthira umwini. N'zosavuta. Inu musayina apa, abambo asayina apa, mubwere nonse ndi ziphaso."

"Nanga akakana?"

"Akakana, ndi kukhoti, mayi. Kumeneko pepala si mapeto a nkhani. Muli ndi mboni, mukhoza kupambana. Koma ife pano sitingachotse dzina la munthu iye asanavomere. Tikanatero, mawa wina adzachotsa lanu."

Zinali zomveka, ndipo n'zimene zinandikwiyitsa kwambiri. Ndinkafuna munthu woipa woti ndimukalipire, koma ndinapeza munthu wabwino wokhala ndi fomu.

Amuna anga nditawaonetsa fomuyo anaseka n'kunena kuti dzanja lawo likudwala. Ulendo wachisanu ndinapita kukhoti. Ndinafika pageti, ndinaima, ndinaona anthu atakhala pakapinga ndi mapepala awo m'manja, ena akuoneka kuti akhala akubwera chaka chonse. Mwana wanga wamkazi anali pafupi kukwatiwa, akuchimuna anali atabwera kale kudzaonekera. Ndinaganiza za iye akulowa m'banja la eni, anthu akunong'onezana kuti mayi ake ndi aja anatengera mwamuna kukhoti. Mwina ndinangopeza pobisalira, mwina ndinali nditangotopa. Ndinagula chinangwa chootcha pageti pomwepo n'kukakwera minibasi.

Fomu ija ndinaipinda n'kuiika pansi pa zovala m'sutikesi. Ndinabwerera kumunda, ndinalima mtedza ndi soya pamalo amene mayi anga anandisiyira. Kwa miyezi yambiri ndinkazungulira njira yakuseri kwa sukulu kuti ndisadutse pagolosale. Kenako njala ya ndalama inandichotsa manyazi, ndinayala thumba tsidya lina la msewu n'kumagulitsa mtedza, maso anga ali pakhomo limene ndinamanga ndekha.

Ndinaiona ikufa pang'onopang'ono. Mkazi uja sanali woipa mtima, ndinene zoona, kungoti malonda sankawadziwa. Sankadziwa kuti sopo saikidwa pafupi ndi shuga, kapena kuti mwezi wa Febuluwale anthu amagula mchere wa pang'onopang'ono, osati wa paketi. Anzawo a amuna anga ankalowa ngati kwawo n'kutuluka ndi zakumwa m'manja. Iwo eni ankabwera madzulo aliwonse kudzakokolola za m'kabati kuti akathire mafuta m'njinga. A sukulu aja anabwera kawiri, n'kupeza katundu wosakwana, sanabwerenso. Ndinkaona mashelefu akuyera kuyambira m'mwamba kutsika m'munsi. Anthu ankaganiza kuti ndikusangalala, koma zinkandipweteka ngati ndikuona mwana wanga akuwonda m'nyumba ya eni.

Za layisensi ndi msonkho panalibe ankazikumbuka. Amuna anga ankayesa kuti pepala ukalipachika pakhoma ndiye kuti zatha, sankadziwa kuti chaka chilichonse limafuna munthu wokaimira pamzere. A boma anabwera koyamba kudzakumbutsa, anasiya kalata. Anabweranso kachiwiri. Kachitatu, tsiku la msika, anabwera atatu pagalimoto, mmodzi atanyamula loko wamkulu.

Mkazi uja anathamanga kukawaitana amuna anga kumene ankasewera bawo. Chaka chimenecho fodya anali atabwezedwa kawiri kumsika, njinga yamoto inali itagulitsidwa, ndipo iwo anabwera wapansi, malaya osapisira. Anthu anadzaza msewu. Ine ndinali pathumba langa la mtedza, ndikumva zonse.

Mkulu wa anthu aja anawafotokozera mwaulemu kuti bizinesi yakhala ikuyenda popanda layisensi, makalata sanayankhidwe, tsono akutseka mpaka mwini wake akaonekere ku ofesi. Anatchulanso za chindapusa. Amuna anga atamva mawu amenewo anabwerera m'mbuyo.

"Bwana, ine ndine mlimi wa fodya. Za golosale sindizidziwa ine."

"Koma dzina lili apa ndi lanu, bambo."

"Dzinalo anangondilemba. Funsani aliyense pano. Eni ake ndi mayi awo akhala apowo."

Analoza ine ndi dzanja lonse, msika wonse n'kutembenuka. Zaka ziwiri ndinkafuna kumva mawu amenewo, pamaso pa ankhoswe, pamaso pa alamu anga. Anabwera pa tsiku la loko. Wina anaseka, ena n'kutsatira. Ine sindinaseke ndipo sindinaimirire. Ndinapitiriza kuyeza mtedza m'kambale ngakhale panalibe wogula.

Anatseka n'kumapita. Mlungu usanathe mkazi uja anamanga katundu wake n'kubwerera kwawo. M'mawa wina ndikusesa pabwalo ndinaona amuna anga atakhala pakhonde, chipewa chili pabondo.

"Mwadzuka bwanji, mayi?"

"Ndadzuka."

"Pepala lija munabwera nalo lija, mudakali nalo?"

"Dzanja lapola?"

Ndinkafuna kuwauza kuti pepalalo ndinakolezera moto. Ndinkafuna kuwasiya kuti aone okha mmene benchi la ku Boma limaumira. Ndinasesa bwalo lonse mpaka kumsewu, iwo ali chikhalire, ine ndikukangana ndi mtima wanga. Koma golosaleyo inali yanga, ndipo ikanaola ndi loko pakhomo, wolira ndikanakhala ine ndemwe. Ndinalowa m'nyumba n'kutsegula sutikesi.

Tinakwera minibasi imodzi, iwo kutsogolo, ine kumbuyo, osalankhulana njira yonse. Bambo wa imvi uja anandikumbukira. Anawongola fomu ija ndi chikhatho, pakuti inali itatsala pang'ono kuduka m'mopinda. Amuna anga anasayina mofulumira ngati akuthawa moto, n'kunena kuti akukadikira panja. Sindinawapezeko.

Bamboyo anandifotokozera kuti zotsalira za zaka ziwirizo sizingafufutike, koma andilembera kalata yoti ndizipereka pang'onopang'ono, ndipo loko akachotsa ndikangoyamba. Anandiyendetsa yekha maofesi onse atatu tsiku lomwelo. Pomaliza anandigwira chanza.

"Mwapambana, mayi."

Ndinathokoza. Ndinayesa kufufuza chimwemwe mumtima mwanga, sindinachipeze. Chimene ndinkamva ndi mawondo, ndi njala, ndi kuwerengera kuti ndili ndi zaka makumi asanu ndi zinayi. Pamene ndinkayamba ndinali ndi msana wa mtsikana.

Anadzachotsa loko Lolemba lotsatira. Ndinakankha chitseko, fungo la makoswe n'kundilandira. M'mashelefu munali mabotolo awiri a mankhwala ophera nsabwe za m'munda, paketi ya makandulo yonyowa, ndi fumbi. Denga linali litayamba kudontha pakona, khoma lachita ndere. Ndinabwereka tsache kwa telala uja. Ndinasesa, ndinakolopa, ndinatsuka mashelefu ndi madzi otentha, ndipo nditamaliza ndinakhala pampando kuseri kwa kauntala chifukwa panalibenso china chochita.

Chakumasana kunalowa mayi wina wokalamba wa kumudzi wa kuseri kwa dambo, amene ankagula kwa ine kuyambira nthawi ya kaokala. Anaima pakhomo kuti maso azolowere mdima.

"Ndinamva kuti mwabwerera. Ndipatseni shuga wa pang'ono."

"Shuga palibe, mayi."

"Sopo wochapira?"

"Palibenso."

"Ngakhale mchere?"

Ndinapukusa mutu. Anayang'ana mashelefu onse, kuyambira uku mpaka uko, kenako anayang'ana ine.

"Nanga mwatsegulira chiyani, mwana wanga?"

M'chitenje ndinali ndi ndalama ya mtedza wa masiku atatu, yosakwana ngakhale katoni imodzi ya sopo.

"Mubwere Lachisanu," ndinatero. "Mudzapeza zonse."

Anavomera n'kumanganso ndalama yake pansonga ya chitenje. Anati sakagula kwina, adikira Lachisanulo. Ndinamuyang'ana akutsika masitepe mmodzimmodzi atagwira khoma, ndipo atangokhota ndinaika mutu pakauntala n'kulira, chitseko chili chotsegula.